Mwana wa mlongo wanga akufuna kudzakhala pulofesa wa mankhwala a ubongo, tithandizane nzeru

A Ngozo (Biriwiri): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya pakhomo, poti mutu umodzi susenza denga. Mwana wa mlongo wanga, Namoyo uja ena mumamudziwa, wamaliza digiri ya famase ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija. Chiyambire Fomu 1 fizi yake ndakhala ndikulipira ine ndi ndalama ya mbatatesi. Ife timayembekeza kuti alowe ntchito, kapena tisonkherane timutsegulire sitolo ya mankhwala pa boma. Iye akuti ayi amalume, ndikufuna kupitiriza sukulu, ndidzaphunzitse ku yunivesite ndi kumafufuza mmene mankhwala amagwirira ntchito mu ubongo. Mayi ake usiku wathawu sanagone. Kodi njira imeneyi imatenga zaka zingati, nanga imakatulukira kuti?

A Maseko (Joni): Amalume, ndinene mosapsatira, mwanayo ayambe walowa ntchito. Sukulu siithawa. Azing'ono ake alipo angati?

A Ngozo (Biriwiri): Atatu a Maseko. Wina ali Fomu 3.

A Maseko (Joni): Ndiye mwaona. Amenewo akuyang'ana kwa iye.

Nankhoma (Lilongwe): Ndilowepo a Ngozo. Ine ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya kafukufuku, ndiye ndinena zomwe ndinaona ndi maso. Choyamba amalize intenishipu yake, nthawi ija yophunzira ntchito moyang'aniridwa, ndi kulembetsa ku PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala lija, kuti chiphaso chogwirira ntchito chikhale m'manja. Izi asazidumphe ngakhale atafulumira bwanji. Kenako pamabwera masitazi, chaka chimodzi kapena ziwiri. Kenako PhD, zaka zitatu, zinayi, ena kuposa apo. Akatero ndiye wangoima pakhomo. Amayamba ngati lekichala, kukwera kukhala siniya lekichala, kenako associate professor, pomaliza pulofesa. Upulofesa si digiri yoti ukalemba mayeso wapata. Ndi udindo umene yunivesite imapereka itaona zomwe munthu wafufuza n'kusindikiza, ophunzira a masitazi ndi PhD amene wawalera mpaka kumaliza, ndi ndalama za kafukufuku zimene wabweretsa. Ambiri amaufikira imvi zitayamba kuoneka.

Koma chimodzi chikutonthozeni mtima. Maphunziro apamwambawa kawirikawiri salipiridwa ndi mbatatesi za amalume. Munthu amafunafuna sikolashipu, monga ya Commonwealth, kapena amalowa m'mabungwe a kafukufuku ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, komwe ena amaphunzira uku akulandira kangachepe.

A Ngozo (Biriwiri): Zikomo Nankhoma. Ndamuika mwini wake pagulu pano kuti adziyankhire yekha, ndisamulankhulire ngati wakhanda.

Namoyo: Zikomo amalume. Moni makolo anga nonse. Ndifotokoze pang'ono kusiyana kwake, chifukwa ngakhale amayi akuona ngati ndikukana ntchito yomwe ndaphunzira. Wa famase amasunga mankhwala, amaonetsetsa kuti ndi enieni, amapereka ndi kulangiza kamwedwe kake. Pharmacology imafunsa zomwe zimachitika piritsi likadutsa pakhosi: limalowa bwanji m'magazi, chiwindi chimaliphwanya msanga kapena mochedwa, limakafika pati, ndipo likafikapo limagwira chiyani. Ine mtima wanga uli pa mankhwala amene amakafika mu ubongo.

Chinandiyambitsa n'ichi. Tili pa maphunziro a m'mawodi, kunabwera bambo wina wodwala matenda a maganizo amene anayamba kumwa haloperidol masiku ochepa m'mbuyomo. Khosi linali litapindikira mbali imodzi, maso atatembenukira kumwamba, lilime lili panja, malovu akuchucha pa malaya. Akazi awo ankawapukuta ndi nsonga ya chitenje uku akulira, akuti ku mudzi awalodzanso kachiwiri. Achimwene awo anali atagwira kale chikwama kuti awatulutse apite nawo kwa sing'anga. A dokotala anangoti ndi mankhwalawo, n'kuwapatsa ena otsitsa vutolo. Dzuwa lisanalowe bambo aja anakhala tsonga n'kupempha phala. Ndinapita ku hositelo osadya, ndikungodzifunsa kuti kapiritsi kakang'ono chotere kangapinde bwanji khosi la munthu wamkulu, nanga ndi angati kumidzi kuno amene anasiya mankhwala chifukwa palibe anawafotokozera.

Aphunzitsi a Jere (Nsipe): Mwana wanga Namoyo, wandikumbutsa nkhani yomwe ndinkaikonda pophunzitsa Biology ndisanapume ntchito. Yankho la funso lakolo linachokera kwa pulofesa wa phunziro lomwelo ukulifunali. A Ngozo, mvetserani, chifukwa moyo wa munthu ameneyu ukuonetsani njira yonse.

Dzina lake Arvid Carlsson, wa ku Sweden, anabadwa mu 1923. Anaphunzira za udokotala ku yunivesite ya Lund, ndipo digiri yake yapamwamba ya mu 1951 sinali n'komwe ya ubongo, inali ya calcium m'thupi. Cha m'ma 1955 anapita ku America kukakhala miyezi yochepa mu labotale ya Bernard Brodie, komwe ankafufuza mankhwala otchedwa reserpine. Mankhwalawa amachokera ku chitsamba cha ku India chomwe ndi mbale wake wa mtengo wa mwimbi umene umamera m'mphepete mwa mitsinje kwathu kuno. Atabwerera kwawo anayamba kuwapatsa akalulu. Kalulu akalandira reserpine ankangoti phwii pansi, makutu ali lende, maso otsinzina, osasuntha. Mu 1957 Carlsson anawabaya akalulu oterewa ndi mankhwala otchedwa L-dopa, ndipo pasanathe nthawi anadzuka, makutu njo, kuyamba kuyendayenda. Atapima ubongo wawo anapeza kuti chomwe chinabwerera ndi dopamine. Nthawi imeneyo akatswiri ankati dopamine ndi chinthu chongodutsa popanga zina, chopanda ntchito yakeyake. Iye anaonetsa kuti ndi mthenga weniweni pakati pa maselo a ubongo, ndipo wochuluka amapezeka m'chigawo choyendetsa manja ndi miyendo.

Mu 1959 anakhala pulofesa wa pharmacology ku Gothenburg. Musaganize kuti anthu anamuombera m'manja pomwepo. Pa msonkhano wa ku London mu 1960 akuluakulu a sayansi anamukayikira poyera. Koma chaka chomwecho ku Vienna, Oleh Hornykiewicz anapeza kuti ubongo wa anthu omwalira ndi matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi, unali wosowa dopamine. Mpaka lero L-dopa ndiye mankhwala akuluakulu a matendawa. Mu 1963 Carlsson yemweyo anaonetsa kuti mankhwala a matenda a maganizo, chlorpromazine ndi haloperidol, amatseka malo amene dopamine amafikira. N'chifukwa chake amatontholetsa mawu amene wodwala amamva m'mutu, komanso n'chifukwa chomwecho anapinda khosi la bambo uja. Mphoto ya Nobel anailandira mu 2000, patapita zaka 43 chidzukire akalulu aja. Anamwalira mu 2018.

A Maseko (Joni): Zaka 43 aphunzitsi! Azing'ono a Namoyo adzakhala ali ndi zidzukulu.

Aphunzitsi a Jere (Nsipe): Mphoto ndiyo inachedwa a Maseko, malipiro a upulofesa ankalandira mwezi ndi mwezi. Ndipo odwala anayamba kuthandizika kalekale mphotoyo isanabwere.

Ndiwonjezere kanthu kena kapafupi ndi ife. L-dopa yemweyo ali mu kalongonda. N'chifukwa chake amayi athu amamuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Wodya kalongonda wosapsa bwino amasanza, amachita chizungulire, ena amabwebweta ngati aledzera.

Nachisale (Tsangano): Ee aphunzitsi, agogo anga a ku Mulanje ankatiletsa kulawa kalongonda ali pamoto, ankati mupenga. Kani nkhani yake ndi imeneyi.

Namoyo: Ndi imeneyo amayi. Ndipo pali chodabwitsa china. Ubongo uli ndi mpanda wake umene umasefa zochokera m'magazi. Dopamine mutamubaya mu mtsempha sadutsa mpandawo, koma L-dopa amadutsa, n'kukasanduka dopamine ali kale mkati. Theka la mutu wa phunziroli ndi mpanda umenewu, chimene chimalowa ndi chimene chimatsala panja. Koma pasapezeke wopatsa agogo onjenjemera kalongonda wosapsa ngati mankhwala, chonde. Mulingo wake sudziwika ndipo angavulale.

Nachisale (Tsangano): Ine ndinali chete kuwerenga, koma ndiloleni ndilankhule monga kholo. A Maseko mundikhululukire, ine ndili mbali ya mwanayu.

Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 11. Ali ndi zaka 4 anadwala malungo aakulu, anakomoka masiku atatu. Anachira, tinathokoza Mulungu. Patatha chaka anayamba kugwa khunyu. Tsiku loyamba tinali kukumba mbatatesi, iye atakhala pa thumba kumadya chimanga chootcha. Ndinangomva kukuwa kamodzi, potembenuka ali pansi akuphupha, thovu kukamwa, chimanga chili m'dothi. Anthu amene tinawalemba ganyu anathawira kutali, wina n'kukoka mwana wake kuti asakhudze malovu. Apongozi anga anabwera ndi supuni kuti tiike m'kamwa. Ine sindinkadziwa kanthu, ndinangomufungatira ndikuitana dzina lake.

Kuchipatala anatipatsa phenobarbitone. Kugwa kunachepa ndithu. Koma mwana anasintha. Ankagona m'kalasi, kunyumba ukali, kumenya mlongo wake popanda chifukwa. Ku sukulu ankati ndi waulesi, anabwereza Sitandade 2. Zaka ziwiri ndinkaganiza kuti matendawo amuwononga mutu, mpaka tsiku lina wachipatala wina wachifundo anakhala nane pansi n'kundiuza kuti mankhwalawo ndi amene amatero mwa ana ena. Anamusinthira ku carbamazepine. Lero ali Sitandade 4, amawerenga, amasewera mpira. Zaka ziwiri zija zimandiwawa mpaka pano.

Ndipo vuto lina, pamakhala miyezi yomwe ndimayenda mtunda wonse kukafika pa chipatala chathu chaching'ono n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, kagule. Ndikapanda ndalama adumphitsa masiku anayi, lachisanu wagwa. Ulendo wina anagwera pafupi ndi moto, chipsera chili pa mkono. Ndiye mwana wakwathu akati ndikufuna kuphunzira za mankhwala a ubongo, ine ndikuti pita mwana wanga.

A Mbewe (a zachipatala): Pepani kwambiri Nachisale, ndipo mwachita bwino kunena poyera. Pagulu pano tilipo ambiri, ndiye ndikonze zingapo. Khunyu sapatsirana, kaya m'malovu, kaya mu mpweya woipa monga amanenera ena. Munthu akagwa musamuike supuni kapena chala m'kamwa, lilime samameza. Chotsani moto, madzi ndi miyala pafupi, ikani chitenje pansi pa mutu, kuphupha kukatha mugonekeni chammbali. Kukapitirira mphindi 5 thamangirani naye kuchipatala. Ndipo zoti wopsa ndi moto sachiranso si zoona, mankhwala amagwirabe ntchito. Chachikulu, mankhwala a khunyu sasiyidwa mwadzidzidzi, ngakhale munthu atatha miyezi osagwa.

Phenobarbitone uja anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu mu 1912. Taonani, zaka zoposa 100, ndipo kumidzi kwathu ndi amene amapezeka kawirikawiri chifukwa ndi wotchipa. Amathandiza, sindikumunyoza, koma mwa ana ena amachita zomwe mwafotokozazo. Zoyambitsa khunyu kuno n'zodziwika: malungo a mu ubongo, kubanika pobadwa, kuvulala m'mutu monga pa ngozi za kabaza, ndi njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, zomwe mazira ake akalowa m'kamwa kudzera m'manja kapena chakudya chodetsedwa amakamanga timatumba mu ubongo. Kwathu kuno nkhumba timaweta zambiri, zimbudzi ndi kusamba m'manja tisamazitenge mopepuka.

Nankhoma (Lilongwe): A Mbewe, auzeniko za kafukufuku wa ku Queens, aone kuti zinthuzi zimachitika pa Malawi pompano.

A Mbewe (a zachipatala): Zoona. Ku Queen Elizabeth Central Hospital, Terrie Taylor wa ku Michigan State University ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana m'zaka za m'ma 1980. Muyeso umene timagwiritsa ntchito poona kuti mwana wakomoka kwambiri bwanji umatchedwa Blantyre Coma Score, unatuluka mu 1989, ndipo maiko ambiri amaugwiritsa ntchito ndi dzina la mzinda wathu lomwelo. Atapeza makina a MRI ojambula m'kati mwa mutu, mu 2015 gulu la Taylor linasindikiza zoti ana ambiri amene amamwalira ndi malungowa ubongo wawo umatupa kwambiri mpaka kupanikiza malo oyendetsa kupuma. Kuyambira m'ma 1980 kufika 2015, funso limodzi. Ntchito yake imayenda choncho.

China chimene ambiri mukuchikumbuka ndi ma ARV aja a 5A. Anthu ankadandaula maloto oopsa, chizungulire, ena ngati aledzera m'mawa. Ndi efavirenz amene anali m'katimo, amadutsa mpanda uja wanena Namoyo. Akafukufuku anapeza kuti anthu ambiri a mu Africa muno ali ndi chibadwa chimene chimachititsa chiwindi kuphwanya efavirenz mochedwa, ndiye amaunjikana m'magazi. Mulingo womwewo umene wina samva nawo kanthu, mnzake umamusoweka tulo. Kuyambira 2019 anthu anayamba kusinthidwa kupita ku 13A wokhala ndi dolutegravir, madandaulo a maloto aja anachepa.

Namoyo: Apo ndiye pali mtima wanga a Mbewe. Mankhwala ambiri amayesedwa koyamba pa anthu a kutali, odya zina, opanda malungo, osamwa ma ARV pamodzi ndi a TB. Mwana wa amayi Nachisale amene anadwalapo malungo a mu ubongo, wolemera makilogalamu ochepa, mulingo womuyenera ndi uti? Funso limeneli pulofesa wa ku Sweden silimusowetsa tulo. Liyenera kusowetsa tulo ife.

A Maseko (Joni): Ndamva zonse ndipo nkhani ya Nachisale yandikhudza. Koma taonani maina mwatchulawa, Carlsson, Taylor, Molyneux, onse ndi azungu. Athu akapita kunja kukachita PhD angati amabwerera? Ndikuwaona kuno, madokotala a ku Malawi ali mbwee m'zipatala za eni. Namoyo, ndiuze zoona mwana wanga, ukadzaona labotale ya ku Cape Town kapena ku Liverpool, udzabwerera kudzalimbana ndi kuzima kwa magetsi?

Namoyo: Bambo Maseko, sindingalumbire za zaka khumi zikubwerazi, ndingakhale ndikukunamizani. N'zoona kuti makina ena ofufuzira ubongo kuno kulibe, ndipo ndidzayenera kupita kunja kukaphunzira. Koma mbali imene ndikuifuna imasowa odwala athu, magazi awo, makadi awo a kuchipatala, ndi munthu wotha kucheza ndi mayi ngati Nachisale m'Chichewa n'kumva kuti mwana akugona m'kalasi. Zimenezo ku Liverpool kulibe. Ndipo amene anandiphunzitsa pharmacology ku koleji ndi Amalawi anzathu amene anapita kunja n'kubwerera. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 aphunzitsi ambiri ali ochokera kunja. Pofika 2021 pamene inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala KUHeS, maofesi ambiri munali mutakhala athu.

A Maseko (Joni): Wayankha ngati munthu wamkulu. Ndifunseko china poti akatswiri mwasonkhana. Boma linaloleza chamba mu 2020, ndipo ndimamva kuti chimachiza khunyu. Bwanji osangomupatsa mwana wa Nachisale?

A Mbewe (a zachipatala): Ayi ndithu a Maseko, apa tisasokoneze. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, kusuta n'koletsedwabe. M'chamba muli zinthu zambiri. Chimodzi, CBD, chinayengedwa n'kuvomerezedwa ku America mu 2018 pa mitundu yochepa ya khunyu yovuta kwambiri ya ana. Chimene chimaledzeretsa ndi china, THC, ndipo ndicho chadzaza m'chamba chosuta. Chimenecho kwa achinyamata chimatha kuutsa misala, tikuwaona m'mawodi anyamata a zaka 17, 18 atamangidwa zingwe ndi abale awo. Mwana asayandikire.

Aphunzitsi a Jere (Nsipe): Ndipo kusiyanitsa ziwirizo, kuyeza mulingo, kuona ngati sizikulimbana ndi mankhwala ena, ndiyo ntchito imene Namoyo akuipempha. Chamba timalima ife, koma woyenga ndi kutigulitsa botolo ndi wina.

A Ngozo (Biriwiri): Abale anga, ndawerenga kawiri. Kunena zoona ndinabwera kuti mundithandize kumubweza mwanayu. Nachisale, mawu anu andikhala pamtima, chifukwa kwathu ku Biriwiri kulinso mnyamata wotere amene makolo ake amamutsekera m'nyumba. Komabe nkhawa ya mlongo wanga ndi yoona, ana atatu aja akufuna fizi chaka chino, osati mu 2040.

Nankhoma (Lilongwe): Ziwirizi sizikulimbana a Ngozo. Intenishipu ayenera kuchita basi. Akamaliza agwire ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri, makamaka pa chipatala chachikulu kapena mu pulojekiti ya kafukufuku, azithandiza kunyumba uku akulemba makalata a sikolashipu. Opereka sikolashipu amakondanso munthu amene wagwirapo ntchito ndipo ali ndi funso lakelake. Namoyo, uyambiretu pano kulemba zomwe ukuona, ndipo upite kwa mphunzitsi wako wa pharmacology ukamupemphe kuti uzimuthandiza pa kafukufuku wake, ngakhale kulowetsa manambala mu kompyuta. Dzina lako likaoneka pa pepala limodzi losindikizidwa, zitseko zimayamba kutseguka. Sitolo ya pa boma ndiyo ingamumange miyendo, chifukwa ngongole yake siilola munthu kuchoka.

A Ngozo (Biriwiri): Zamveka. Loweruka ndipita kukakhala pansi ndi mlongo wanga. Namoyo ubwere, ukafotokoze wekha za bambo wa khosi uja monga wafotokozera pano.

Namoyo: Ndibwera amalume. Zikomo kwambiri.

Nachisale (Tsangano): A Mbewe musanachoke, mlamu wanga nayenso amamwa carbamazepine ndipo anaikitsa kolera ka pamkono. Wina anamuuza kuti ziwirizi sizigwirizana. N'zoona?

A Mbewe (a zachipatala): N'zoona amayi. Carbamazepine, phenobarbitone ndi phenytoin amafulumizitsa chiwindi, ndiye mphamvu ya kapamkono ndi ya mapiritsi olera imachepa, mayi atha kuima asakuyembekeza. Jakisoni wa Depo ndi lupu sizisokonezeka. Apite ku kulera akanene mankhwala onse amene akumwa, koma a khunyuwo asasiye. Ngati alinso pa ma ARV anene, chifukwa dolutegravir naye amakhudzidwa. Ndipo mayi aliyense wa khunyu amene akufuna kutenga pakati ayambe waonana ndi achipatala, makamaka ngati akumwa sodium valproate, amene amatha kuvulaza mwana m'mimba.

Nachisale (Tsangano): Ndimuuza mawa kumunda. Namoyo mwana wanga, ukabwera Loweruka kwa amalume ako, Lamulungu udzafike kuno udzamuone mnyamata wangayu. Ukatsika pa Tsangano Turn-off ukwere njinga yamoto, ndipo utenge juzi, kuno kukuzizira. Kabuku kake ka kuchipatala ndakasunga bwino, masiku onse amene anagwa chiyambire ndinkalemba kumbuyo kwake ndi pensulo.